Maso pa Munthu, Chala pa Foni: Lipoti la Ntchito Yokonzera Apolisi Olondera M'misewu Pulogalamu ku England

Ndimagwira ntchito yokonza mapulogalamu a pa foni kuno ku England. Gawo langa ndi loganizira munthu amene adzagwire foniyo: aone chiyani poyamba, batani likhale pati, afunsidwe funso liti ndipo pa nthawi yanji. Kwa nthawi yopitirira chaka ndinali m'gulu limene linalembedwa ntchito ndi nthambi ina ya polisi ya kumpoto kwa dziko lino. Ku England ndi Wales kuli nthambi za polisi 43, iliyonse ndi mkulu wake komanso makompyuta ake. Imene tinagwira nayo ntchito sindiitchula dzina, koma zimene tinakumana nazo ndizifotokoza monga zinachitikira, chifukwa zambiri zimene zinavuta zinachokera kwa ife okonzafe.

Dandaulo limene akuluakulu anabwera nalo linali lomveka. Wapolisi akachita chipikisheni pa munthu, akapita kunyumba kumene kwachitika nkhanza, kapena akatenga sitetimenti, amalemba m'kabuku kake ka m'thumba. Shifiti ikamatha amabwerera ku siteshoni, n'kukhala pa kompyuta, n'kulembanso zomwezo. Zina amazilemba katatu chifukwa makompyuta a nthambiyo salumikizana. Anatipempha kuti zonsezi zizitheka pa foni, wapolisiyo ali komweko kumene kwachitika nkhani.

Ganizoli silinali lachilendo. Mu September 2007, Gordon Brown ali nduna yaikulu, analonjeza kuti apolisi alandira makompyuta a m'manja 10,000 chaka chisanathe. Kuyambira 2008 unduna wa za m'dziko wa Home Office unapereka mapaundi 71 miliyoni kudzera ku NPIA, bungwe limene linkatukula ntchito za apolisi, ndipo zipangizo zoposa 41,000 zinagulidwa, zambiri zikhala mafoni a BlackBerry ndi timakompyuta ta m'manja. Mu January 2012 bungwe lofufuza kayendetsedwe ka ndalama za boma la National Audit Office linapeza kuti nthawi imene wapolisi amakhala kunja kwa siteshoni inangowonjezeka ndi mphindi pafupifupi 18 pa shifiti, ndipo nthambi imodzi yokha pa zisanu zilizonse ndi imene inagwiritsa ntchito zipangizozo moti n'kusinthadi kagwiridwe ka ntchito. Komiti ya nyumba ya malamulo yoona za ndalama inanenanso chaka chomwecho kuti pa mapaundi 125 miliyoni amene ankayembekezeka kupulumutsidwa, amene anaoneka anali 600,000 okha. Chifukwa chachikulu chinali chakuti mtima unali pa kugawa zipangizo, osati pa kufunsa kuti wapolisi achita nazo chiyani akaima pamsewu. Malipoti amenewa ndinawawerenga tisanayambe, ndipo ndinkakhulupirira kuti dzenje limenelo ife tilidumpha.

Tinagweramo ndithu. Pulogalamu yathu yoyamba inali mafomu a pepala aja atasamutsidwira pa sikirini, bokosi ndi bokosi, mwa ndondomeko yomweyo. Tinaiyesa mu ofesi ndi apolisi angapo atakhala pa mipando, m'chipinda chofunda, manja onse awiri ali pa foni. Anaiyamikira. Itapita m'misewu, ma rekodi amene ankafika anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi ntchito imene tinkadziwa kuti ikuchitika, ndipo ambiri ankatumizidwa shifiti ikutha, foni ili pa WiFi ya ku siteshoni. Apolisi ankalembabe m'kabuku n'kudzakopera pa foni pambuyo pake. Tinali titawawonjezera malo ena olembapo.

Usiku wa pamsewu

Ndinapempha chilolezo choti ndiziyenda nawo. Sajeni wina wachikulire ndi amene anavomera, n'kundiuza kuti ndisapite masana ayi, ndipite Lachisanu usiku ndipo ndivale zofunda. Inali nyengo yozizira, mdima ukugwa 4 koloko madzulo, kamvula kowaza kosalekeza.

Chimene chinanditsegula maso chinachitika pafupi ndi malo okwerera basi. Apolisi awiri, mayi ndi bambo, anaimitsa mnyamata amene maonekedwe ake ankafanana ndi munthu amene ananenedwa pa ovaova kuti waonedwa ndi mpeni. Ine ndinaima patali pang'ono monga anandilangizira. Mayi uja anadzitchula dzina ndi siteshoni yake, n'kufotokoza chifukwa cha chipikishenicho ndi chimene akufunafuna, monga lamulo likufunira. Mnzake ndi amene anasecha. Sanapeze kanthu. Tsono inafika nthawi yolemba. Mayi uja anatulutsa foni m'thumba la chovala chake choteteza pachifuwa. Inali itadzitseka. Anavula golovesi ndi mano, n'kutayipa pasiwedi yaitali, madontho a mvula akudina zilembo zimene iye sanadine. Itatseguka, sikirini yoyera mbee inamuwalira kumaso, moti atadzutsa mutu ankaphethiraphethira, osamuona bwino mnyamata amene anaima sitepe imodzi kuchokera pamene iye anali. Anzake a mnyamatayo anali atayamba kuyandikira. Mayiyo anabweza foni m'thumba, n'kutenga bolopeni, n'kulemba nthawi ndi dzina la msewu kuseri kwa dzanja lake.

Tili m'galimoto anandifotokozera mofatsa, mopanda mkwiyo, kuti akaima ndi munthu maso ake amakhala pa manja a munthuyo, ndipo chilichonse chimene chikumuweramitsa mutu chikumuika pa ngozi. Kabuku amatha kulembamo osayang'ana kwenikweni. Foni yathu inkafuna maso onse awiri ndi manja onse awiri.

Kuyambira usiku umenewo funso lathu pa sikirini iliyonse linasintha. Tinayamba kufunsa kuti pa mphindi imene wapolisi akutsegula pano, waima pati, dzanja lake linalo lagwira chiyani, ndipo akuyang'ana ndani. Zina zinali zosavuta kukonza ndipo sindichedwapo: sikirini yakuda ya usiku, mabatani aakulu oikidwa m'munsi mmene chala chachikulu chimafika, nthawi ndi malo zodzilemba zokha kuchokera pa GPS wapolisi n'kungotsimikiza, komanso kugwirizana ndi a zachitetezo cha makompyuta kuti foni izitseguka ndi chala kapena nambala yaifupi shifiti ili mkati. Tinagawanso fomu iliyonse pawiri: zochepa zimene ziyenera kulembedwa munthu ali pomwepo, ndi zotsala zimene zingadikire mpaka wapolisi akhale m'galimoto.

Bokosi la chifukwa

Pamene tinakhalitsa kwambiri, ndipo pamene tinatsutsana kwambiri, panali pa rekodi ya chipikisheni. Lamulo la Police and Criminal Evidence Act la 1984 limalola wapolisi kuimitsa ndi kusecha munthu ngati ali ndi chifukwa chomveka chomuganizira kuti wanyamula zakuba kapena chida. Kuyambira 2011 zimene ziyenera kulembedwa ndi zisanu ndi ziwiri: mtundu wa munthuyo monga akudzinenera mwini wake, chimene chimafunidwa, chifukwa chomuganizira, wapolisi amene wasecha, tsiku, nthawi ndi malo. Munthuyo ali ndi ufulu wolandira kope ya rekodiyo mkati mwa miyezi itatu.

Dzina la wosechedwa palibe pa zisanu ndi ziwirizo, ndipo munthu sakakamizidwa kulitchula. Fomu yakale ya pepala inali ndi mzere wa dzina, umene wapolisi ankatha kuusiya. Ife posamutsa tinaupanga kukhala wokakamiza, moti fomu inkakana kupita dzina lisanalembedwe. Zotsatira zake, apolisi ena achinyamata ankaumiriza anthu kutchula maina, poganiza kuti popeza foni ikufuna ndiye kuti lamulo likufuna. Ichi chinandipweteka mtima nditachizindikira. Kachizindikiro kofiira kamodzi kamene ine ndinavomereza kanasintha mmene wapolisi amalankhulira ndi nzika pamsewu. Tinakachotsa sabata yomweyo, n'kulemba pansi pa bokosilo kuti munthu ali ndi ufulu wosatchula dzina.

Nkhani ya chifukwa inali yolemera kuposa apa. Akuluakulu ena ndi apolisi ambiri ankafuna kuti tiike mndandanda wa zifukwa zolembedwa kale, wapolisi azingosankha: fungo la chamba, kuthawa ataona apolisi, kufanana ndi munthu wofunidwa. Kunena zoona, zikanafulumizitsa ntchito. Koma mu 2013 bungwe loyendera apolisi la HMIC linaunika ma rekodi 8,783 a chipikisheni n'kupeza kuti 27 pa 100 alionse analibe zifukwa zokwanira. Vuto limenelo silithetsedwa pomupatsa wapolisi mawu okonzeratu. Mndandanda umapangitsa rekodi iliyonse kuoneka yabwino, ngakhale imene chifukwa chake chinali chopanda mutu, ndipo sajeni woiwerenga sangasiyanitsenso. Chifukwa chiyenera kukhala chimene wapolisi uyu waona pa munthu uyu usiku uno, m'mawu akeake.

Pano ndiyenera kunena poyera kuti nkhaniyi imandikhudza ine mwini. Ziwerengero za Home Office zakhala zikusonyeza chaka ndi chaka kuti anthu akuda amaimitsidwa ndi kusechedwa kangapo kuposa azungu. Ndili ndi mwana wa mlongo wanga amene akukulira kuno, wamtali, wokonda kuvala chipewa cha juzi kumutu. Tsiku limene adzaimitsidwe, chimene chidzamuteteze pambuyo pake ndi ziganizo ziwiri kapena zitatu zimene wapolisi adzalembe m'bokosi limenelo. Ndinakana mndandanda, ndipo insipekita amene ankayang'anira za chipikisheni anagwirizana nane. Tinasiya bokosi lolembamo mawu, n'kuikapo mafunso awiri otsogolera: mwaona chiyani kapena mwauzidwa chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani zikukhudza munthu ameneyu. Tinalola wapolisi kulankhula foni n'kumalemba yokha, iye n'kuwerenga asanatumize. Pa bokosi la mtundu wa munthu sitinaike yankho lokhazikika, kuti wapolisi afunse ndithu m'malo mongodutsa. Apolisi ena anadandaula kuti fomu yathu ikuchedwetsa pamalo amenewa. Tinavomera kuti ikuchedwetsadi, ndipo tinaisiya choncho.

Chimene ovaova inkachita osadziwika

Police National Computer, imene apolisi amangoti PNC, inayamba kugwira ntchito mu 1974. Ndi mmene muli mbiri ya milandu ya anthu, ofunidwa ndi apolisi, magalimoto, komanso machenjezo osonyeza kuti munthu uyu anachitapo zachiwawa kapena ananyamulapo chida. Kale wapolisi ankaitana chipinda cholamulira, kumene amalandira mafoni ndi kutumiza apolisi, pa ovaova ya Airwave, n'kutchula dzina ndi tsiku lobadwa, n'kudikira yankho. Usiku wotanganidwa mzere umatalika. Kufufuza pa foni kunali gawo limene apolisi analikonda kwambiri, ndipo tinalikonza mosamala: chenjezo limabwera pamwamba penipeni, tsiku lobadwa likuoneka ndi zilembo zikuluzikulu chifukwa maina ofanana ndi ambiri, ndipo munthu asanafufuze ayenera kunena chifukwa, popeza kufufuza kulikonse kumasungidwa ndipo kusuzumira mbiri ya munthu popanda ntchito ndi mlandu.

Amene anatiunikira chimene tinaiwala anali mayi wina wa m'chipinda cholamulira. Ananena kuti wapolisi akaitana pa ovaova kufunsa za galimoto, iwo amadziwa nthawi yomweyo kuti ali pa msewu wakutiwakuti ndi galimoto yakutiyakuti, ndipo apolisi ena onse a m'deralo amamva. Chenjezo likatuluka, galimoto ina imayamba kulowera komweko isanapemphedwe. Ndi foni zonsezi zinakhala chete. Wapolisi ankatha kuima yekha pa msewu wa kumudzi pakati pa usiku ndi munthu woopsa, chipinda cholamulira osadziwa kanthu. Palibe aliyense wa ife amene anaganizapo kuti kudikira pa ovaova kuja kunalinso chitetezo. Tinakonza kuti kufufuza kulikonse kochokera pamsewu kuzionekera kwa olamulira pamodzi ndi malo, ndipo chenjezo likatuluka azilandira chizindikiro. Nthambiyo inalangizanso apolisi ake kuti akakhala okha azigwiritsabe ntchito ovaova, maso ali pa munthu.

Netiweki ndi umboni

Netiweki imasowa m'malo enieni amene apolisi amagwiramo ntchito: m'masitepe a nyumba zosanjikizana, m'malo oimika magalimoto a pansi pa nthaka, m'zigwa za kumidzi. Wapolisi mmodzi anataya sitetimenti ya masamba angapo foni itaduka pakati, ndipo nkhani yake inafika shifiti zonse ife tisanaimve. Zinatitengera miyezi kuti anthu ayambenso kuikhulupirira pulogalamuyo. Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Tinasintha kuti mawu aliwonse azisungidwa m'foni momwemo atabisidwa, ndipo azipita okha netiweki ikabwera, sikirini ikusonyeza poyera zimene zafika ndi zimene zikudikira.

Kabuku ka m'thumba ndi umboni wa m'khoti, ndipo kali ndi malamulo amene wapolisi aliyense amaphunzira akangoyamba: osafufuta, osang'amba tsamba, osasiya mipata, osalemba pamwamba pa mawu ena kapena pakati pa mizere. Amene munaonapo buku la OB pa kauntala ya polisi kwathu ku Malawi mukudziwa mwambo umenewu, pakuti unachokera kumodzi. Pa foni zinatanthauza kuti chimene chalembedwa sichisinthika. Wapolisi akafuna kukonza amawonjezera mzere watsopano wokhala ndi nthawi yake, wakalewo n'kumaonekabe. Tinkasunga nthawi ziwiri, imene mawu analembedwa ndi imene anafika ku kompyuta yaikulu, kuti loya akadzafunsa chifukwa chimene rekodi ya 1 koloko usiku inafikira m'bandakucha, yankho lidzakhalepo.

M'khichini

Fomu imene inandiphunzitsa kudzichepetsa ndi ya nkhanza za m'banja. Apolisi ambiri a ku England anayamba kugwiritsa ntchito mafunso 27 otchedwa DASH mu 2009, ofuna kuyeza ngati ngozi imene munthu alimo ndi wamba, yapakati kapena yaikulu. Amafunsa ngati akuchita mantha kwambiri, ngati ndi woyembekezera, ngati asiyana kapena akufuna kusiyana, ngati mnzakeyo anayesapo kumukanyanga pakhosi.

Usiku wina ndinaloledwa kuima pakhomo la khichini, mayi wa m'nyumbamo atavomera. Anakhala pa mpando atagwira kapu ya tiyi imene sankamwa, mwana akugona m'chipinda chapamwamba. Wapolisi wachinyamata, munthu wachifundo ndithu, ankawerenga mafunso pa foni limodzi ndi limodzi, chifukwa pulogalamu yathu sinkalola kupita pa funso lotsatira lapitalo lisanayankhidwe. Ali pa funso lachitatu kapena lachinayi, mayiyo anayamba kunena motsitsa mawu kuti mwamunayo amasunga khadi lake la kubanki ndipo amawerenga mtunda umene galimoto yayenda. Wapolisi anali ataweramira pa sikirini kufunafuna pomwe angalembe zimenezo. Panalibe. Atadzutsa mutu, mayiyo anali atasiya kulankhula, ndipo mafunso otsalawo anangowayankha kuti ayi, ayi, ayi.

Zimene mayiyo anayamba kunenazo ndi kupondereza ndi kulamulira mnzako m'banja, zimene zinakhala mlandu ku England ndi Wales mu December 2015 pansi pa lamulo la Serious Crime Act. Nthawi zambiri zimenezi zimasonyeza ngozi kuposa bala looneka. Fomu yathu inadula nkhaniyo pakamwa. Tinaimasula kuti mafunso onse azioneka pa tsamba limodzi, ayankhidwe mwa ndondomeko iliyonse, aliyense ali ndi malo olembapo mawu a munthuyo, ndipo pamwamba pakhale malo opanda funso. Pophunzitsa tinkapempha apolisi kuti foni ikhale chafufumimba pa tebulo mpaka munthu amalize kulankhula. Panabwera pempho lakuti pulogalamu iziwerengera mayankho a inde n'kunena yokha kukula kwa ngozi. Tinakana, chifukwa mayi wa m'khichini uja akanatuluka ndi ngozi wamba. Wapolisi ndi amene amasankha, n'kulemba chifukwa chake.

Tinatsekanso chinthu china chimene poyamba tinkanyadira nacho. Pa milandu ina pulogalamu inkatumizira wodandaula uthenga wa pa foni wokhala ndi nambala ya mlandu wake. Pa nkhanza za m'banja uthenga woterowo ukhoza kuwerengedwa ndi wankhanzayo. Tsopano palibe chimene chimapita chokha. Wapolisi amafunsa nambala yotetezeka ndi nthawi imene kuimba sikungabweretse mavuto, ndipo zimenezo zimaoneka pamwamba kwa aliyense amene adzatsegule rekodiyo.

Zimene zidakali pa tebulo

Pofika kumapeto kwa ntchito yathu, ma rekodi a chipikisheni ndi a nkhanza za m'banja ankapita okha ku kompyuta yaikulu ya milandu popanda kulembedwanso, ndipo ambiri ankachokera pamsewu. Kompyuta ina yakale, ya katundu wolandidwa, sitinathe kuilumikiza, moti mpaka pamene ndinkachoka apolisi ankalembabe zimenezo kawiri. Akuluakulu ankafuna kuti tiwapatse chiwerengero cha maola amene apulumutsidwa. Ndinawalangiza kuti asadalire GPS yokha, chifukwa wapolisi amene wakhala m'galimoto pamalo oimikapo magalimoto akutayipa kwa ola lathunthu amaoneka ngati ali kunja, koma anthu a m'deralo sakumuona. Ndinapempha kuti aziwerenganso zimene zalembedwazo, makamaka mabokosi a chifukwa, ndi kumva kwa ofufuza milandu ngati zikuwathandiza.

Vuto lomaliza analitchula ndi sajeni wachikulire uja pa tsiku langa lotsiriza. Kale wapolisi wachinyamata akachoka pa nkhani yolemera, monga imfa ya mwana kapena ngozi ya pamsewu, ankabwerera ku siteshoni kukalemba. Sajeni ankamuona nkhope polowa, n'kumuikira madzi a tiyi, n'kuwerenga zimene walemba ali pambali pake. Apa ndi pamene zolakwika zinkakonzedwa, ndi pamenenso munthu wosweka mtima ankadziwika. Tsopano amalembera m'galimoto yekha, n'kudina batani, ovaova n'kumutumiza kwina. Tinali titaika kale tsamba limene sajeni amaonapo ma rekodi onse a shifiti yake kuti awavomereze, koma iye anati pa tsambalo nkhope sizioneka. M'malangizo amene ndinasiyira gulu lotsatira ndinalemba kuti pa mitundu ingapo ya nkhani pulogalamu izidziwitsa sajeni nthawi yomweyo, ndipo wapolisiyo asapatsidwe ntchito ina asanalankhulane naye, maso ndi maso ngati n'kotheka. A m'chipinda cholamulira anati usiku wa Lachisanu alibe galimoto yoti n'kuiimitsa motero, ndipo pamene ndinkachoka mbali ziwirizi zinali zisanagwirizane.